Kompyuta Yokana Chanza cha Mkamwini

Nkhani iyi ndinaimva koyamba pa Lizulu, nthawi yomwe ndinkayenda msika ndi msika ndi chikwama cha zida, ndikukonza mawailesi ndi mafoni. Mvula inatitsekera m'khumbi la ogulitsa kachewere, ine ndi bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, dzina lawo a Zakeyu. Ataona mawaya ali lendelende m'chikwama changa anandifunsa kuti, "Inu a zamagetsi, munaionapo kompyuta yochita manyazi?" Ine ndinaseka. Iwo sanaseke. Inu amene tikudikira limodzi lole pano, tasenderani kuno ku mbaula, chimanga chanucho chikupsa. Ine ndayenda, anzanga, ku Chitipa ndafika, ku Tete ndagonako, koma yofanana ndi iyi sindinaimvenso.

Kwawo kwa a Zakeyu ndi kuchigwa china kuseri kwa mapiri a Dedza. Dzina la mudzi ndisunga. Foni kumeneko siigwira, ngakhale ukwere pachulu chotani. Chomwe chimalumikiza chigwacho ndi dziko ndi kambale koyera kogwira intaneti kamene kali pamwamba pa mlongoti wa chipatala chaching'ono. Waya wa kambaleko amatsika n'kukathera mkati mwa kompyuta imodzi yakalekale ya Windows, ndipo uthenga uliwonse wopita kwa madokotala a ku boma umayenera kudzera mwa iyoyo. Ndiyo inali chipata.

Amene ankaisamala kompyutayo anali mlongo wawo wa a Zakeyu, Nachisale. Anayamba ntchito pachipatalapo ngati wosesa, n'kudziphunzitsa okha kutaipa ndi zala ziwiri. M'mawa ankaiyatsa ndi iwo, madzulo ankaifunditsa chitenje chawo chobiriwira ndi iwo. Ikavuta ankaikalipira ngati mwana.

Mwana wawo wamkazi, Felesiya, anakwatiwa ku tauni ndi mnyamata wa makompyuta dzina lake Binwelo, wobadwira ku Kawale, wosadziwa ngakhale kumene khasu limagwiridwa. Tsono inu ana a lero simudziwa. Kale mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, n'kukhala pansi, n'kuomba m'manja chapatali. Mawu amadzera mwa munthu wina. Zinali zokongola kuona, ndikuuzeni. Lero apongozi akutumizirana zithunzi ndi akamwini pafoni, dziko linatha ili.

Tsiku lomwe Binwelo anabwera kudzaonekera kumudzi anakumana ndi Nachisale akuchokera kumadzi. Iwo anapatukira m'chimanga monga mwa mwambo. Iye anaganiza kuti sanamuone. Anawathamangira dzanja lili kutsogolo, akufuula kuti, "Amayi, moni! Ndine Binwelo!" Mayi wamkulu anataya ndowa n'kuliyatsa liwiro m'mizere, mkamwini ali pambuyo ndi dzanja lake. Mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti. Binwelo anachita manyazi osabweranso, ndipo dzinja lotsatira Nachisale anamwalira nkhaniyo isanakonzedwe.

Patapita zaka, ku boma anasintha pulogalamu yolemberana ndi madokotala. Yakale anaitseka, yatsopano inali yokana kukhala pa makompyuta okalamba. Choncho chipatala chilichonse chinalandira laputopu yatsopano ya mtundu wina wotchedwa Linux, ndipo wozikonza n'kuzipereka anali Binwelo yemweyo. Zigwa zonse anamaliza, n'kutsala chimodzi chomwe ankachizengereza. Koma nthawi imeneyo Felesiya anali woyembekezera, mwezi wake utayandikira, ndipo anali atapita kwawo kukadikirira kwa mayi ake aang'ono. Kuzemba kunatha. Tsiku lina masana, mu Febuluwale, anamanga laputopu kumsana n'kukwera njinga yamoto mvula ikugwa.

Mtsinje anawoloka madzi akumenya m'mawondo, ndipo atacheuka anaona chigumula chikutsika ndi mitengo. Njira yobwerera inali itatsekeka. Atakwera kamtunda anaona kutsogolo kwake mayi wina atasenza ndowa, akuyenda pakati pa msewu mosafulumira. Anaimba belu. Mayiyo sanacheuke, anangopatuka n'kulowa m'chimanga. Binwelo anadabwa kuti munthu apita kukatunga madzi bwanji mvula yonseyi. Atafika pamalopo anachepetsa moto. Masamba a chimanga anali akugwedezekabe, munthu osaoneka. Ndiye kuchokera pansi, m'mizere, kunamveka kuomba m'manja kwa chizimayi, kuja kofukata manja. Phu, phu.

Iye anawonjezera moto osayang'ananso kumbuyo.

Pachipatala amene anamulandira anali namwino, mayi Namoyo, manja ali m'magolovesi. "Mwabwera ndi Mulungu, bambo Binwelo. Akazi anu ali muno chiyambire m'mamawa. Matenda ayamba msanga, ndipo mwana watsogoza miyendo. Ndili ndekha. Ndikufuna dokotala tsopano lino, ndipo chinthu chanucho sichinalankhule ndi boma chitsekereni pulogalamu yakale."

"Ndipatseni kanthawi kochepa," anatero Binwelo. "Ndi kulumikiza waya basi."

A Zakeyu, monga malume ake a Felesiya, anali pabenchi panja ndi ambulera yawo, atatsekera kusukulu komwe ankaphunzitsa nthawi imeneyo n'kuthamangira kuno ndi chikwama chomwe. Anamutsatira m'kachipinda ka kompyuta. "Akamwini, mwatikumbuka lero? Tinkati mwina mumaopa chimanga."

Apa ndikufotokozereni pang'ono, chifukwa ine zimenezi ndinadziphunzitsa ndekha pa mabenchi a anthu. Makompyuta awiri akafuna kunong'onezana zachinsinsi, zoti wina panjira asamve, sayamba ndi nkhani. Amayamba agwirana chanza, ndipo dzina lake ndi lomwelo. Yobwera imati odi, n'kutchula zilankhulo zachinsinsi zomwe imadziwa. Ya pakhomo imasankhapo chimodzi. Kenako zimaonetsana ziphaso, aliyense dzina lake ndi masiku ake. Zikakhutira, zimapangana kiyi, nkhani n'kuyamba. Pakalakwika kamodzi kokha, ya pakhomo imabweza dzanja, basi.

Binwelo anachotsa chitenje chobiriwira chija, chomwe anthu anali asanasiye kufunditsira, n'kuchiponya pampando. Analumikiza laputopu ndi kompyuta yakaleyo. Anadina. Mzere umodzi unatuluka pa sikirini: kugwirana chanza kwalephereka.

"Yatani?" anafunsa a Zakeyu.

"Ndaidziwa nthenda yake," anatero Binwelo mokondwa. "Wotchi! Kompyuta ikasokonezeka tsiku imaona chiphaso chabwino ngati cha mawa, n'kuchikana." Anayang'ana pakona ya sikirini yakaleyo, ndipo zinali zoona, inali itabwerera zaka zingapo m'mbuyo. Anakonza tsiku. Anadina. Kukana. Atayang'ananso, wotchi inali itabwerera pomwe paja.

A Zakeyu anavala magalasi n'kuwerama. "Ii. Limeneli si tsiku lomwe munabwera kudzaonekera? Linali la msika, ndikulikumbuka."

"Ndi kabatire ka mkati kamene katha, amalume. Musandiwonjezere zina."

Anafuna sikuludiraiva yomwe anali ataika patebulo. Panalibe. Anafufuza pansi, m'chikwama, m'matumba. A Zakeyu ndi amene anaiona, panja pa khomo, pakhonde, itagonekedwa bwinobwino pambali pa chipewa cha njinga chomwe Binwelo ankalumbira kuti anachikoleka pamsomali mkati. Zinthu zake ziwiri, zili panja, zitandandalikidwa ngati za mlendo amene akumuonetsa malo ake okhala.

Kuchokera kuchipinda chochilira kunamveka Felesiya akubuula, ndi Namoyo akufuula kuti, "Bambo Binwelo! Kanthawi kanu kaja ndi kameneka?"

Anasintha kabatire, wotchi inakhazikika. Kukana kunali pomwepo. Ndiye anatsegula kazenera komwe kamaonetsa mawu onse odutsa m'waya, kuti aone ndi maso pomwe zikukanika. "Onani, amalume! Yanga yati odi, iyi. Yatchula zilankhulo zake. Inayo sikudziwapo ngakhale chimodzi, n'zatsopano zonse. Ndi nkhalamba ndi mwana wa ku tauni!" Zala zake zinathamanga pa kiyibodi, kuiuza laputopu kuti itsike, ivomere kulankhula chikale. Anadina. Mizere inayenda. Odi. Lowani. Chilankhulo chagwirizana. Chiphaso cha yakale chabwera. Chiphaso cha laputopu chapita, chokhala ndi dzina la amene anachikonza, Binwelo.

Zii.

Sinanene kuti chiphaso n'chabodza, sinanene kuti chatha ntchito. Inangokhala chete, n'kudula. Ndipo nthawi yomweyo chitenje chija, chimene chinali pampando kumbuyo kwawo, anachiona chili pamwamba pa sikirini, chikutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kuphimba galasi lonse. Zenera linali lotseka. Kunja kunali kutayamba kuda, ngakhale nkhuku zinali zisanalowe.

"Mwachiika ndinu?" anafunsa Binwelo.

"Ine manja anga ali m'matumba, akamwini."

Binwelo anapukuta thukuta. Anali munthu wa ntchito yake, ndipo mantha sanamuletse kuganiza. "Mwina vuto ndi mtundu. Windows ndi Linux nthawi zina zimawerenga chiphaso mosiyana. Muli ndi laputopu ya kusukulu m'chikwamamo?"

Inalimo, kakang'ono, ka Windows, batire yake yosadalirika. Kalibe pulogalamu ya madokotala, koma koyesera chanza kanakwanira. Binwelo anakalumikiza, n'kukapatsa chiphaso chake chija. Kukana. Ndiye anakonza chiphaso china mwachangu, chofanana ndi choyambacho pa chilichonse, kupatula dzina. Analembapo Zakeyu. Anadina.

Inalandira! Nthawi yomweyo, osadikira n'komwe, ngati munthu amene wamva mawu a mbale wake pakhomo.

"Ndaipeza!" Binwelo analumpha. "Ndi dzina! Pali chilembo china m'dzina langa chomwe ikulephera kuwerenga!" Anatenga chiphaso cha dzina la Zakeyu n'kuchiika pa laputopu yake, n'kubwezera waya. Anadina akumwetulira.

Kuseri kwa kabati ya mankhwala, komwe kulibe malo oti ngakhale mphaka n'kukhala, munthu anatsonya.

Onse awiri anamva. Sikirini inalemba mzere wake wokana uja. A Zakeyu anayamba kuseka mwamantha. "Akamwini, akamwini. Mukufuna kunamiza apongozi anu ndi dzina langa? Munthu ameneyu ndinakula naye nyumba imodzi. Ankadziwa amene waba ndiwo pongomuyang'ana kuyenda."

Chitseko cha chipinda chochilira chinatseguka. Namoyo sanafuule ulendo uno, analankhula motsitsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinaopsa. "Ngati dokotala sindimupeza, ndiyesa ndekha. Koma sindikulonjezani onse awiri."

Binwelo anaima pakati pa chipinda, akuyang'ana malaputopu awiriwo, wina wokanidwa, wina wolandiridwa. A Zakeyu amati anaona nkhope yake ikusintha ngati nyale yoyatsidwa.

"Amalume, paukwati wathu nkhoswe ya kuchikazi ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndine."

"Ndiye gwirani ntchito yanu."

Njira imeneyi ilipo ndithu pa ntchito yathu, si ufiti. Makompyuta awiri akakanika kugwirana chanza umaika ina pakati. Ya pakatiyo imagwira dzanja la uyu mbali ino, dzanja la uyo mbali inayo, n'kumadutsitsa mawu. Binwelo anakonza kalaputopu ka a Zakeyu kuti kakhale ka pakati. Anafuna kukalumikiza kumagetsi, koma Namoyo anali ataletsa kale. Sola inali itamwa dzuwa lochepa tsiku limenelo, ndipo yotsalayo inali ya nyale ya kochilira ndi kompyuta yakale basi. Anangokasiya pa batire yake. Kenako anatenga waya wamtali, n'kuudutsitsa pansi pa chitseko, n'kutuluka. Anavula nsapato. Anakhala pansi pakhonde pamatope, pafupi ndi zenera la kochilira, atafulatira khomo, laputopu ili pamiyendo.

Mkati a Zakeyu anagwada pambali pa tebulo, munthu wa ku tchalitchi, mkulu wa mpingo. Anaomba m'manja. "Nachisale, ndine mlongo wako. Ndabwera ndi mawu a akamwini ako. Ali panja, akhala pansi, sakukuyang'ana. Akupempha kuti uwatsegulire njira."

Binwelo anadina.

Anzanga, mizere inatsika ngati madzi a pa mathithi! Chanza ichi chagwira, chanza icho chagwira, chipata chatseguka, boma layankha. "Yalowa! Amalume, yalowa! Mayi Namoyo, nenani, ndikulemba!"

Kunapezeka dokotala wina wamkazi ku boma amene anali asanaweruke. Namoyo ankafuula pazenera zomwe akuona, Binwelo ankataipa, dokotala ankayankha, Binwelo ankawerenga mokweza mvula ikumuwaza kumsana. Musakoke, akutero. Mudikire thupi lituluke lokha mpaka mapewa. Manja a mwana ali kuti? Mutembenuze chonchi. Ambulansi ikunyamuka, idzaima kutsidya madzi akaphwa. Mawu omwe mwamuna sayenera kumva anawamva onse tsiku limenelo, ndipo anawafuula ngati wolengeza mpira. A Zakeyu anali chigwadire mkati, akunena kuti m'chipindamo munkamveka fungo la utsi wa nkhuni zonyowa, ngati pali munthu amene wangochoka kukhitchini n'kudzaima pambali pawo.

Kenako kulira. Kamawu kakang'ono, kaukali.

"Wamkazi!" anatero Namoyo. Mayi aang'ono a Felesiya analuluta mkatimo. Binwelo anagona chagada m'matope akuseka.

Chimwemwe sichinakhalitse. "Bambo Binwelo, lembani! Magazi sakuleka. Jakisoni woyamba ndabaya, sakuleka. Akuzizira manja."

Analemba. Dokotala anayamba kuyankha, mawu akutuluka pa sikirini. "Musachite mantha. Muli ndi mankhwala ena m'kabati, muyambe ndi..." Basi. Mzere unaima pomwepo.

"Akamwini!" anafuula a Zakeyu. "Kanga kaja kazima!"

Batire inali itatha. Nkhoswe inali itagona pakati pa mlandu. Kukalumikiza kumagetsi kukanazimitsa nyale ya kochilira, ndipo kalaputopu kameneko kakazima kamatenga nthawi yophika tiyi kuti kadzuke. Nthawi imeneyo Felesiya analibe.

Binwelo sanaimirire. Analowa choyenda ndi mawondo, laputopu ali atainyamula pachifuwa, maso ali pansi. Anazula waya ku kalaputopu kakufako n'kuulumikiza yekha kwa kompyuta yakale. Anachotsa chiphaso cha dzina lobwereka, n'kubwezera chake. Anaika laputopu pansi, n'kuomba m'manja, mosadziwa bwino, ngati mwana amene akuphunzira.

"Amayi," anatero. "Ndine Binwelo yemwe uja. Ndinakuthamangitsani chifukwa cha umbuli, pepani. Mdzukulu wanu wabadwa, mwamumva. Sindinenso mlendo pakhomo pano. Koma mwana wanu akutha magazi."

Anadina ndi chala chimodzi.

Odi. Lowani. Chiphaso chabwera. Chiphaso chapita. Ndiye chete uja. A Zakeyu amati ngakhale mvula padenga inakhala ngati yagwira mpweya. Kochilira kunkangomveka Namoyo akuitana Felesiya dzina kuti asagone.

Dzanja lamanja la Binwelo linanyamuka pa kiyibodi. A Zakeyu analiona ndi maso awo. Linakwera pang'ono, zala zitapindika mozungulira chinthu chomwe iwo sanachione, n'kutsika, n'kutembenuka kugwira chala chachikulu, n'kubwereranso, monga timachitira anthu akakumana atasowana. Binwelo anadzawauza pambuyo pake kuti linali lozizira, lonyowa ndi mvula, lokhakhala m'kati ngati la munthu wolima.

Mizere inayenda. Uthenga wa dokotala unatulukira wonse. Binwelo anauwerenga mofuula, dzina la mankhwala, kuchuluka kwake, pofinya pamimba, ndipo mafunso a Namoyo anawataipa ndi dzanja lamanzere lokha, chifukwa lamanja linali lisanamasulidwe.

Ine pa Lizulu paja ndinawafunsa a Zakeyu funso lomwe ndikuliona pakamwa panu. Ndinati, nanga dzanjalo analisiya liti? Anati linakhala m'malere choncho, litagwidwa zolimba mpaka zala kuchita dzanzi, kufikira pamene Namoyo anatsegula chitseko n'kunena kuti magazi aleka, Felesiya watsegula maso ndipo akufunsa mwana wake. Pamenepo ndi pamene linagwera pamwendo pake.

Ayi, musandifunse zambiri, zomwe ndinamva ndi zomwezo. Ndipatseni chikwama changacho. Lole ya ku Mchinji ija yaliza injini, ndipo ine malo amodzi ndikakhalitsa mapazi amandiyabwa. Chimanga changa mupatse uyu watsegula pakamwayu. Tsalani.